Mwana wachira khansa koma m'thumba mwauma, chitani izi

Ambiri timaganiza kuti mwana akamaliza kemo, mankhwala amphamvu a khansa, ndiye kuti zatha, koma makolo amene anadutsamo akudziwa kuti nthawi imeneyo mbuzi zinagulitsidwa kale, njinga inapita, wakatapila akubwera pakhomo mwezi ndi mwezi, pomwe adokotala akuti mwanayo azibwerabe ku kontrolo kwa zaka. A WHO amati m'maiko olemera ana opitirira 80 pa 100 alionse amachira khansa, pomwe m'maiko ambiri osauka safika ndi 30 omwe, nde mwana wanu ngati wapulumuka kuno ku Tete musalole kuti ndalama ya chapa ndi imene imubweze m'mbuyo.

Choyamba ndi mapepala, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pamene ambiri timataya ndalama osadziwa. Musanachoke kuchipatala komwe mwana analandira mankhwala, kaya ku Maputo, ku Beira, kaya munawoloka pa Calómuè kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena pa Zóbuè kupita ku Queen Elizabeth ku Blantyre, pemphani adokotala akulembereni pepala lonena mtundu wa khansa, maina a mankhwala onse amene analandira, kuchuluka kwake, ndi opaleshoni ngati inachitika. Osachita manyazi, nenani kuti adokotala chonde, kwathu ndi kutali, ndilembereni. Mukafika kunyumba chitani fotokopi, jambulani ndi foni, tumizani pa WhatsApp kwa m'bale wodalirika, ndipo lenilenilo muliike mu pulasitiki poti mvula ndi chiswe sizimva. Popanda pepalali mwana akadzadwala patapita zaka 5 anamwino a ku Ulónguè kapena Furancungo adzayambira pa ziro, kuyeza zimene zinayezedwa kale, kukutumizani uku ndi uku, ulendo uliwonse ndalama. Ngati linalembedwa Chingelezi ku Malawi pezani munthu alimasulire m'Chipwitikizi nthawi ikadalipo.

Pepala lomwelo ndi limene limakuuzani zoti muzisamala. Mwana amene anachotsedwa impso imodzi chifukwa cha chotupa cha Wilms asamamwe ibuprofen kapena diclofenac wogula pa banka ya pamsika popanda adokotala kudziwa, ndipo BP yake iziyezedwa. Amene analandira mankhwala a kemo otchedwa doxorubicin mtima wake umafunika kuwunikidwa, amene analandira cisplatin makutu. Kuyeza BP pa chipatala chaching'ono cha boma ndi zotchipa, koma impso yotsalayo ikawonongeka palibe banja la kumudzi limene lingakwanitse.

Chachiwiri, ndalama ya ulendo wa kontrolo ikhale payokha. Tsiku mumalidziwa kale, lalembedwa pa khadi, nde yambani kuponya pang'onopang'ono mu M-Pesa kapena e-Mola ya nambala imene simugwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, makamaka nthawi yogulitsa mbatatesi, soya kapena fodya. Ngati muli mu xitique uzani anzanu poyera kuti ine ndilandire mwezi wa kontrolo wa mwana, anthu amamvetsa zimenezi. Werengerani anthu awiri, chakudya cha panjira ndi pogona, ndipo guia de transferência, kalata yokutumizani kuchipatala chachikulu, itengedwe tsiku lisanafike.

Chachitatu pitani kwa a secretário a bairro kapena anyakwawa mukayambe za atestado de pobreza, kalata yotsimikiza kuti banja ndi losauka, kenako mukafike ku Acção Social ndi ku INAS mutanyamula cédula ya mwana, BI yanu ndi pepala la adokotala lija. INAS, bungwe la boma loona za chithandizo cha osowa, ili ndi mapologalamu othandiza mabanja ovutika kuphatikizapo amene ali ndi wodwala matenda okhalitsa kapena wolumala, monga mwana amene anachotsedwa diso kapena mwendo. Zimachedwa, nthawi zina kwambiri, koma dzina losalembedwa silidzatuluka. Kuchipatala chachikulu funsaninso assistente social, ntchito yake ndi imeneyi.

Pa za seguro ya umoyo ndinene mosabisa, kwa ambiri a ife amene timadalira khasu ndi malonda a pamsika palibe, chipatala cha boma ndiye seguro yathu. Koma amene mukugwira ntchito pa kampani, monga kumigodi ya malasha ku Moatize, funsani ku ofesi ya antchito ngati ana amalowa nawo, mpaka zaka zingati, komanso chofunika kwambiri, ngati amalipira matenda amene munthu anali nawo kale asanalowe, poti makampani ambiri a seguro amakana zimenezi kapena amakudikiritsani miyezi. Yankho likhale lolembedwa. Musabise kuti mwana anadwalapo khansa, akadzazindukira okha adzakana kulipira ndipo ndalama zonse munaponya zapita. Musasokonezenso INSS ndi seguro ya chipatala, INSS imathandiza wantchito akadwala, akalumala kapena akapuma, siilipira bilu ya kiliniki.

Pa ngongole, yambani kubweza ya katapila poti ndi imene imabereka msanga, ya achibale kambiranani bwinobwino pamaso pa amalume kuti muzibweza pokolola. Munda ndi mbewu musagulitse. Ndipo mwanayo abwerere kusukulu ngakhale wataya chaka kapena ziwiri, kaonaneni ndi a diretori mutatenga kalata ya kuchipatala kuti malo ake asungidwe ndi kuti masiku a kontrolo asamamulembere kuti wajomba.