Momwe mungafufuzire kufalikira kwa dzina la banja lanu: chitsanzo cha dzina la Banda

Anthu ambiri akafuna kudziwa kumene dzina la banja lawo likupezeka kwambiri amalemba dzinalo pa intaneti, n'kupeza mapu ndi chiwerengero cha anthu, basi n'kukhutira. Mapu otero amangonena za lero, pamene funso lenileni ndi lakuti dzinalo linali kuti zaka 100 zapitazo, linayenda njira ziti, ndipo linachuluka liti m'dera lililonse. Ntchito imeneyi ndinaichita ndi dzina la Banda, koma njira yake ingathandizenso a Phiri, a Mwale, a Nkhoma, a Gondwe, a Jere ndi ena onse.

Choyamba, dziwani kuti dzina lanu ndi lotani

Musanawerenge munthu ndi mmodzi yemwe, dziwani ngati dzina lanu ndi mfunda kapena ndi dzina la munthu mmodzi lomwe linasanduka la banja lonse. M'mabanja ambiri, makamaka m'chigawo cha kummwera, dzina la banja ndi dzina la bambo kapena la agogo lomwe mphunzitsi kapena kalaliki analemba m'kaundula n'kukhazikika. Dzina lotere silivuta kulondola, chifukwa eni ake amabwerera ku mudzi umodzi kapena iwiri. Mfunda ndi nkhani ina. Banda, Phiri, Mwale ndi Mbewe ndi mafuko akale kwambiri, ndipo mbiri ya Achewa imati a Banda ankayang'anira za nthaka ndi zopempha mvula, monga pa kachisi wa Makewana ku Msinja, pamene a Phiri anali ndi ufumu wa Kalonga. Lero dzina la Banda lilinso pakati pa Atonga, Atumbuka, Ansenga ndi Angoni.

Onani anthu anayi odziwika bwino. Dr Hastings Kamuzu Banda anali Mchewa wa ku Kasungu. Aleke Banda anabadwira ku Livingstone m'chaka cha 1939, anakulira ku Southern Rhodesia, koma kwawo kunali ku Tukombo, ku Nkhata Bay. Rupiah Banda, yemwe analamula Zambia kuyambira 2008 mpaka 2011, anabadwira ku Gwanda m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, kumene makolo ake anapita kukagwira ntchito. Dr Joyce Banda anabadwa ndi dzina la Mtila kwa Malemia ku Zomba, ndipo la Banda analitenga pokwatiwa. Pa mapu, anayiwa ndi madontho ofanana, koma dzinali linawapeza m'njira zosiyana. Choncho zomwe mukuwerenga ndi ulendo wa dzina, osati wa magazi a banja limodzi.

Chachiwiri, funsani akuluakulu, kenaka pitani ku mabuku a mpingo

Za kufunsa agogo, amalume ndi mwini mbumba sindichedwapo, chifukwa aliyense amadziwa kuti ndi poyambira. Funso limodzi lokha musaliiwale: mfundawo unachokera kuchimuna kapena kuchikazi? M'madera a Achewa muli mabanja omwe kale ankatsata fuko la mayi koma pambuyo pake anayamba kutchulidwa ndi chiwongo cha bambo, ndipo kusintha kotere kumasuntha dzina kuchoka m'mudzi wina kupita m'mudzi wina popanda munthu kusamuka.

Zolembedwa zakale kwambiri zokhala ndi mayina a anthu wamba zili m'mabuku a ubatizo ndi a maukwati. Kudziwa chaka chomwe mishoni inafika kwanu kukuuzani pomwe mabuku angayambire. A Livingstonia anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881 ndi ku Khondowe mu 1894. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876, ya Likoma mu 1885, ya Mvera mu 1889, ya Nkhoma mu 1896, ya Akatolika ku Nzama mu 1901 ndi ku Mua mu 1902. Kumbukiraninso kuti malo ena anasintha manja: mpingo wa ku Kasungu unali pansi pa Livingstonia usanaperekedwe kwa a Nkhoma m'zaka za m'ma 1920, kotero mayina oyambirira a kumeneko angapezeke kumpoto. Lemberani abusa kapena bambo mfumu kalata musanapite, fotokozani kuti mukufuna kuwerenga mayina basi, ndipo kaperekeni kangachepe ku thumba la mpingo. Mipingo yomwe ndinafikako sinatchule mtengo, koma si bwino kutenga tsiku lonse la mlembi n'kuchoka chimanjamanja.

Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku omwe abwanamkubwa a m'maboma ankalembamo za midzi, mafumu ndi msonkho. Dziwani kuti zikalata zambiri zoyambirira za boma la atsamunda zinapsa ndi moto ku Zomba mu 1919, ndiye musadalire kupeza zambiri za zaka za m'mbuyo mwa pamenepo. Funsani za chilolezo ndi malipiro musanakwere basi, chifukwa mitengo yomwe wina anakuuzani chaka chatha siingagwirenso ntchito. Chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, thiransipoti ndi malo ogona ndi zomwe zimadya ndalama zambiri pa ntchitoyi, kuposa mapepala.

Chachitatu, musakhulupirire mndandanda womwe simunauone ndi maso anu

Apa ndi pamene ntchito yanga inaima nthawi yaitali, ndipo ndikufuna kuti muwerenge mofatsa. Pofuna kupewa ulendo, ndinatuma munthu wina wokhala pafupi ndi mishoni ina ya m'chigawo chapakati kuti andikopere a Banda onse a m'buku la ubatizo, kuyambira tsamba loyamba mpaka zaka za m'ma 1950. Tinagwirizana kuti ndimulipira potengera kuchuluka kwa masamba. Mndandanda womwe ananditumizira unaonetsa a Banda owerengeka m'zaka zoyambirira, kenaka kuchuluka kwadzidzidzi chakumapeto. Aliyense woona manambala amenewo akanati a Banda anasamukira m'deralo mochedwa, kuchokera kwina. Akuluakulu a kumeneko anakana kwamtuwagalu, nati makolo awo manda awo ali pomwepo kuyambira Angoni asanafike.

Nditatsegula ndekha bukulo, vuto linaoneka poyera. M'masamba oyambirira alembi sankalemba mfunda. Ankalemba dzina lachikhristu ndi dzina lobadwa nalo, nthawi zina ndi dzina la mudzi, basi. Munthu yemweyo amapezekanso patatha zaka 20, akubatiza mwana wake, atalembedwa kuti Banda. Sanasamuke, ndipo sanasinthe fuko. Chomwe chinasintha ndi kalembedwe. Sukulu, msonkho ndi chitupa chopitira kuntchito zinayamba kufuna kuti munthu akhale ndi mayina awiri monga Azungu, ndipo mfunda ndi umene unali pafupi. Wonditumikirayo anali atasiyanso amayi onse olembedwa kuti Nabanda, poganiza kuti ndi dzina lina, ndipo pomwe inki inafufutika anangolumpha osanena.

Kuchokera pamenepo ndinakhazikitsa malamulo omwe ndikukupemphani kutsata. Jambulani tsamba lililonse ndi foni ngati eni mabuku alola, ndipo ngati mwatuma munthu, akutumizireni zithunzi osati mndandanda wolemba yekha. Pa chaka chilichonse lembani manambala atatu: anthu onse olembedwa, anthu omwe mfunda wawo walembedwa, ndi anthu a dzina lomwe mukufufuza. Nambala yapakatiyo ndi imene imapulumutsa ntchito yonse, chifukwa a Banda muyenera kuwayerekeza ndi anthu omwe mfunda wawo ukuoneka, osati ndi onse a m'buku. Mukapeza chaka chomwe mfunda walembedwa kwa anthu ochepa kwambiri, chiikeni padera, musachigwiritse ntchito poyerekeza.

Konzaninso mndandanda wa kalembedwe kosiyanasiyana ka dzinalo musanayambe. Amayi amalembedwa Nabanda kapena Naphiri pakati ndi kummwera, Nyabanda kapena Nyagondwe kumpoto. Alembi akale nthawi zambiri sankaika h, choncho Phiri ndi Piri, Nkhoma ndi Nkoma. Mpaka m'zaka za m'ma 1970 ambiri ankalemba c pomwe lero timalemba ch, ndiye Chirwa mumupeza ali Cirwa. Ku Mozambique kalembedwe ka Chipwitikizi kamaika u m'malo mwa w ndi c m'malo mwa k. Kunja dzina limatha kusinthiratu maonekedwe: Clements Kadalie, yemwe anayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, anali wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wa kubanja la a Muwamba, koma zidzukulu zake ku South Africa zimadziwika ndi dzina la Kadalie. Wofufuza a Muwamba sangawapeze ngati sakudziwa zimenezi.

Mayina a malo nawonso amasokoneza. Fort Manning ndi Mchinji, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Jameson ndi Chipata, Kota Kota ndi Nkhotakota, ndipo boma la West Nyasa ndi Nkhata Bay. Maboma a Balaka ndi Phalombe anadulidwa ku Machinga ndi Mulanje chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ndipo Neno anachoka ku Mwanza pambuyo pake. Ine ndinaona kuti n'kwabwino kulemba dera la mfumu yaikulu m'malo mwa boma, popeza malire a mafumu sanasunthe kwambiri ngati a maboma.

Chachinayi, werengani gawo osati chiwerengero chabe

Kalembera wa 1966 anapeza anthu pafupifupi 4 miliyoni m'Malawi, ndipo wa 2018 anapeza opitirira 17.5 miliyoni. Dzina lililonse lachuluka, choncho kunena kuti a Banda ndi ambiri lero kuposa kale sikutiuza kanthu. Tiyerekeze kuti m'buku la zaka za m'ma 1940 mwapeza a Banda 30 mwa anthu 200 olembedwa mfunda, ndipo m'zaka za m'ma 1990 mwapeza 120 mwa anthu 1,000. Chiwerengero chakwera kanayi, koma gawo latsika kuchoka pa 15 kufika pa 12 mwa anthu 100 aliwonse, zomwe zikusonyeza kuti m'deralo munalowa mafuko ena kapena a Banda ena anatuluka. Gawani nthawi m'zaka khumikhumi, ndipo lembani zonse mu Excel kapena m'kope la masamu.

Malipoti a kalembera a National Statistical Office salemba mayina a anthu, ndipo kaundula wa ziphaso za unzika, yemwe anthu opitirira 9 miliyoni analembetsamo mu 2017, si wotsegukira aliyense. Mukakumana ndi munthu pa WhatsApp kapena Facebook wonena kuti angakugulitseni mndandanda wa mayina wochokera m'kaundula wa boma, mukaneni. Ngati mndandandawo ndi weniweni, ndiye kuti wabedwa. Ngati si weniweni, mwataya ndalama. Chimodzimodzi amene amagulitsa mbiri ya fuko lanu yosindikizidwa kale, yokhala ndi chizindikiro cha banja: mawu ake amakhala amodzimodzi, amangosintha dzina pamwamba. Za masiku ano mungaziyeze kwaulere ndi mindandanda yomwe imatuluka poyera, monga ya ana osankhidwa kupita kusekondale, yomwe imasonyeza sukulu ndi boma. Werengani mayina, sungani manambala, koma musafalitse mayina a anthu amoyo.

Chachisanu, kunja kwa dziko

Dzina la Banda linatuluka m'dziko ndi anthu opita ku migodi ndi m'mafamu, ena kudzera ku mabungwe olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi, ambiri paokha wapansi. Ulendo wa Wenela unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi opitirira 70, ndipo kulemba anthu a kumigodi kunayambiranso pang'ono mpaka kutheratu mu 1988. Matchona anasiya ana ku Harare, ku Bulawayo, ku Copperbelt ndi ku Johannesburg. Koma a Banda a ku Chipata, ku Katete ndi ku Tete si ochoka ku Malawi; malire ndi amene anawadutsa, ndipo mwambo wa Kulamba ku Mkaika umasonkhanitsa mafumu a Achewa a maiko atatuwa kwa Kalonga Gawa Undi. Pa mapu anu asiyanitseni ndi opita kuntchito.

Masamba a pa intaneti monga Forebears amapereka chiyerekezo chabe, ndipo amasakaniza mayina ofanana kalembedwe. Kuli a Banda ku India ndi ku Mexico omwe alibe ubale uliwonse ndi ife, ndipo ku South Africa, Botswana ndi Lesotho Phiri ndi dzinanso la Chisutu ndi Chitswana. Tsamba la FamilySearch, lofufuzira mbiri za mabanja, ndi laulere, ndipo tsamba la Commonwealth War Graves Commission, bungwe losamalira manda a asilikali, lili ndi mayina a asilikali ena a King's African Rifles, ngakhale ambiri analembedwa dzina limodzi lokha.

Pomaliza, jambulani mapu

Sindikizani mapu atatu kapena anayi ofanana osonyeza maboma, amodzi pa nyengo iliyonse, mwachitsanzo 1920, 1950, 1980 ndi lero. Detsani kwambiri dera lomwe gawo ndi lalikulu. Dera lomwe simunapeze mabuku lisiyeni loyera ndi kulembapo kuti simunawerenge, kuopa kuti wina angaganize kuti dzinalo kulibe. Pansi pa mapu aliwonse lembani buku lomwe munagwiritsa ntchito ndi chiwerengero cha mayina omwe munawerenga, ndipo kope limodzi mukalisiye ku mpingo womwe unakutsegulirani mabuku ake.