Hummus wopanda mibulu

Kawiri konse hummus wanga, chakudya cha tchana wogaya chopaka pabuledi, anatuluka wa mibulu, wokhakhala m'kamwa ngati mwagwera mchenga. Ndinkanamizira blenda yanga yokalambayo, osadziwa kuti wolakwa ndine: ndinkaphula tchana asanapse bwino, makoko ali pomwepo.

Ulendo wachitatu ndinanyika makapu awiri a tchana usiku wonse, m'mawa n'kumuwiritsa ndi theka la kasupuni ka soda. Soda ndiye mwini nkhani. Makoko anafewa n'kuyandama pamwamba, ine n'kumawayengula ndi chipande. Sindinaphule mpaka njere itayamba kuphwanyika ndikangoitsina.

Ku Lebanon ndi maiko oyandikana nako, komwe chakudyachi amadya tsiku ndi tsiku, amathiramo tahini, yemwe ndi chiponde cha chitowe. M'sitolo ndi wodula, ndiye ndinakazinga chitowe pang'ono n'kusinja mumtondo ndi timafuta. Thukuta linatuluka ndithu.

Tchanayo ndinamugaya akadali wotentha, pamodzi ndi chitowecho, adyo, mchere ndi madzi a mandimu awiri, kwinaku ndikudonthezera madzi ozizira kwambiri. Anasalala ngati phala la mwana.

Ndimamukondera kuti tchana ali ndi mapuloteni ndi ayironi, komanso sakweza shuga msanga. Ndikapaka pabuledi m'mawa, njala imandipeza masana.