Kulemba chimangirizo chozukuta chithunzi: maso patsogolo, mabuku pambuyo

Ophunzira ambiri akapatsidwa ntchito yozukuta chithunzi kapena chosema amathamangira pa intaneti asanachiyang'ane n'komwe. Mapeto ake amadzaza masamba atatu ndi mbiri ya wojambula, chithunzi chenichenicho osachikhudza, malikisi n'kuthera pomwepo. Chimene mphunzitsi akufuna n'kuona ngati maso anu agwira ntchito.

Titenge chitsanzo cha zojambula za m'mapanga a Chongoni ku Dedza, malo 127 amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006.

Tsiku loyamba musatsegule buku. Khalani pamaso pa chojambulacho mphindi 20, pepala lili m'manja. Ligaweni pakati: kumanzere lembani zimene mukuona, kumanja zimene mukuganiza. Kumanzere kulowe mawu ngati awa: "mizere yofiira yozungulira, wina mkati mwa unzake" kapena "chinthu choyera chotambasula miyendo inayi, chooneka ngati ukuchiyang'ana uli pamwamba, utoto wake wokhuthala ngati wopaka ndi chala". Mawu akuti "buluzi" apite kumanja, chifukwa mukangochitcha dzina mwayamba kale kumasulira, ndipo maso amaleka kufufuza. Dzifunseni: diso langa likuyamba kugwera pati, chifukwa chiyani? Chachikulu n'chiti, chaching'ono n'chiti? Pakhomapo pali mbali yopanda kanthu? Ndipo utoto uti uli pamwamba pa unzake? Funso lomalizali n'lolemera kwambiri. Pamene choyera chakwera pa chofiira, muli ndi umboni wooneka ndi maso kuti choyeracho chidajambulidwa pambuyo.

Lembaninso kukula kwake m'masentimita, malo ndi tsiku. Chithunzi cha pa foni chimabisa kukula ndipo chimasintha mtundu, choncho wina agwirizire rula pafupi pojambula. Musakhudze khoma, musathirepo madzi kuti utoto uwale, zimenezo zimawononga.

Kenako bwerani ku mabuku, mutanyamula mafunso anu. Mudzapeza kuti zofiira akatswiri amati n'za Akafula, alenje amene adakhala kuno kale, pomwe zoyera n'za Achewa ndipo zimakhudza chinamwali ndi nyau. Zolemba zitatu kapena zinayi zodalirika za m'laibulale kapena pa Google Scholar (tsamba la pa intaneti lofufuzira zolemba za akatswiri) n'zokwanira. Chilichonse mwatenga, lembani pomwepo dzina la mlembi, chaka ndi tsamba, chifukwa mukadikira tsiku lomaliza mudzasokoneza mawu anu ndi a eni, n'kugwidwa ndi mlandu wokopera. Za chinamwali ndi za kudambwe zili ndi eni ake: zimene akuluakulu akuuzani kuti n'zachinsinsi zisalowe m'chimangirizo.

Tsopano mangani mfundo yaikulu m'chiganizo chimodzi, mfundo yoti wina angathe kuitsutsa. "Zojambulazi n'zokongola ndipo zikuonetsa chikhalidwe chathu" si mfundo, palibe angakangane nanu. Koma mukati "kubwereza maonekedwe amodzi khoma lonse kukusonyeza kuti zidajambulidwa pophunzitsa, osati pokongoletsa", muli ndi choti muteteze.

Ngati akupatsani mawu 1,500, chiyambi chitenge 150, chotchula chojambulacho, malo ake ndi mfundo yanu. Kufotokoza maonekedwe kutenge 350, motsata njira imodzi, kuchokera kumanzere kupita kumanja kapena pakati kupita m'mbali, kuti wowerenga asasochere. Kuzukuta kutenge 850, mathero 150. Ambiri amatembenuza: kufotokoza kumadya malo onse, kuzukuta n'kutsala ndime imodzi.

M'thunthu, ndime iliyonse inyamule ganizo limodzi, chooneka chimene chikulichitira umboni, ndi kufotokoza mmene ziwirizo zikugwirizanirana. Musati "ojambula adafuna kunena kuti", poti m'mitima mwawo simudalowemo. Nenani kuti "mizereyi ikukokera diso pakati".

Mukamaliza chimangirizocho, chigonekeni tsiku limodzi. Mawa lake werengerani mnzanu amene sadachione chojambulacho, mumupatse pensulo achijambule kuchokera m'mawu anu okha. Pamene wasochera, bwererani pa ndime imeneyo mukaikonze musanapereke.