Kutentha thupi pantchito kwa amayi amene akusiya kusamba: mmene tinachepetsera vutoli

Amayi ambiri amasiya kusamba ali ndi zaka za pakati pa 45 ndi 55. Chowasautsa pantchito ndi kutentha kobwera mwadzidzidzi kumaso, m'khosi ndi pachifuwa, thukuta lili kamukamu kwa mphindi zingapo.

Kuntchito kwathu tinayambira pa yunifolomu. Nsalu ya poliyesitala imatsekera thukuta, choncho abwana analola bulauzi ya thonje ndi juzi yovula msanga. Desiki tinaisunthira pafupi ndi windo, pambali pake fani yaing'ono ndi botolo la madzi ozizira.

Kwa milungu iwiri mayi aliyense ankalemba nthawi imene kutenthako kwabwera ndi zomwe wadya kapena kumwa. Khofi, tiyi wotentha ndi tsabola ndizo zinkaonekera kawirikawiri.

Chovuta kwenikweni ndi tulo. Mayi amene wadzuka usiku zofunda zitanyowa amaiwalaiwala m'mawa, ndipo si ulesi ayi. Tinagwirizana kuti aziyamba 9 koloko m'malo mwa 8, n'kubweza olalo madzulo. Zokambiranazi zizichitika anthu ali awiri okha, chifukwa pagulu ambiri amangokhala chete.

Za mankhwala a mahomoni, amene amachepetsa kutenthaku, mayi akambirane ndi dokotala. Koma akaona magazi atatha miyezi 12 osasamba, apite kuchipatala msanga.