Sikirini yayamba mizeremizere: mmene mungadziwire ngati ndi khadi ya graphics, komanso yogula yake ngati kompyuta ndi yakale

Makompyuta ambiri omwe ali m'maofesi, m'mashopu opanga print ndi kojambulira nyimbo kwathu kuno ndi akaunjika aja, ma Dell OptiPlex, ma HP Compaq ndi ma Lenovo ThinkCentre, ena adutsa zaka 10 koma akukokabe bwinobwino. Nde tsiku lina mumangoyatsa n'kupeza sikirini yadzaza timizere, kapena timabokosi tobiriwira ndi tofiira tikuthwanimathwanima, kapenanso ili bii pomwe fani ikungolira mkatimo. Aliyense amene mungamufunse angokuyankhani kuti "khadi yapsa imeneyo, gulani ina." Dekhani kaye. Nthawi zambiri khadiyo, kabolodi kotumiza chithunzi ku monita, imakhala ilibe mlandu, ndipo mmene zinthu zadulira panopa si nzeru kugula chinthu mongoganizira.

Yambani ndi chingwe, ndikudziwa zikumveka zachibwana koma yambani pomwepo. Chingwe cha VGA, cha mutu wa buluu chija, chili ndi timano 15, ndipo mtundu uliwonse umayenda pa dzino lakelake. Dzino la buluu likapindika chithunzi chonse chimasanduka chachikasu, la girini likapanda kugunda bwino zonse zimaoneka za pinki. Zulani chingwe, yang'anani timanoto pa kuwala, bwezerani n'kumanga tima screw tiwiri tija mbali zonse, ku monita ndi ku kompyuta komwe. Ngati makina anu ali ndi khadi yapadera onetsetsani kuti chingwe chalowa pa khadiyo, m'munsi muja, osati pa doko la motherboard (bolodi yaikulu ya makinawo) lomwe lili pafupi ndi ma USB. Izi zimachitika kwambiri anthu akasuntha makina pokolopa, wobwezera amangolowetsa pomwe chakwana.

Monita nayo imafa. Dinani batani la menu pa monita penipenipo, menu ikatuluka yoyera bwino pomwe kumbuyo kwake kuli mizere ndiye monita ili bho, koma mizere ikadutsa mpaka pa menu pomwepo vuto ndi monita. Kapena bwerekani ya neba, olo TV yapabalaza ngati pali HDMI.

Zikakanika apa, funso lofunika ndi lakuti mizereyo ikuyamba nthawi yanji. Yatsani makina muli maso pa sikirini. Ikaoneka pa logo ya Dell kapena HP pomwepo, Windows isanalowe, kapena mkati mwa BIOS, menu ya makina enieniwo (pa Dell mumadina F2, pa HP F10, pa Lenovo F1), driver (pulogalamu yomwe Windows imayendetsera khadi) musavutike naye chifukwa nthawi imeneyo amakhala asanadzuke n'komwe, vuto lili pa chitsulo. Koma logo ikatuluka bwino n'kuyamba kusokonekera Windows italowa, kapena mukatsegula gemu, mwayi ulipo woti ndi driver kapena kutentha basi.

Za driver n'zosavuta. Lowani mu Safe Mode, pa Windows 7 ndi F8 poyatsa, pa Windows 10 gwirani Shift n'kudina Restart. Mu Safe Mode Windows imagwiritsa ntchito driver wake wamba, nde ngati mmenemo chithunzi chili choyera, chotsani driver wakale ndi kapulogalamu kotchedwa DDU, Display Driver Uninstaller, n'kuika wina wochokera pa webusayiti ya Nvidia, AMD kapena Intel. Ma "driver pack" oyenda pa flash aja asiyeni, amaika zinthu zosayenera ndipo ena amabwera ndi mavairasi. Suzumiraninso mu Device Manager, momwe Windows imandandalika zipangizo zonse za makina. Ngati pa khadi pali kachizindikiro kachikasu ndi Code 43 ndipo sikakuchoka olo mutaika driver watsopano, apo khadi ikudwaladi. Chimodzimodzi uthenga uja wakuti "Display driver stopped responding and has recovered" ukamabwerabwera, kapena sikirini ya buluu yotchula nvlddmkm.sys, yomwe ndi fayilo ya Nvidia, kapena atikmpag.sys ya AMD.

Tsopano tsegulani bokosi. Zimitsani pakhoma, zulani chingwe cha magetsi, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti moto wotsalira uthe, kenako gwirani chitsulo cha bokosilo musanakhudze china chilichonse mkati. Chomwe mupeze ndi fumbi, makamaka miyezi ya September ndi October shopu ikakhala m'mbali mwa msewu wadothi, limachita kupanga chibulangete pakati pa fani ndi tizitsulo toziziritsira tija moti mpweya sudutsa. Chotsani ndi bulashi youma kapena blower, koma gwirani fani ndi chala pouzira kuti isazungulire mopenga. Yesani kuizunguza ndi chala, ikakhala yolimba kapena ikugwedera ndiye yatha, ndipo fani yokha ndi yotchipa kuposa khadi. Kapulogalamu ka GPU-Z, kaulere, kamaonetsa kutentha kwa khadi. Ikamafika madigiri 90 kupita m'mwamba ikugwira ntchito, masulani choziziritsira, pukutani thermal paste (phala lopaka pakati pa chip ndi choziziritsira) wakale yemwe amakhala atauma gwa, n'kuika watsopano kadontho kochepa. Za mankhwala otsukira m'mano zomwe ena amapaka apa, ayi ndithu, amauma masiku ochepa n'kukubwezerani pomwe munali.

Zulaninso khadi yonse. Kumapeto kwa slot, mpata womwe khadi imalowamo, kuli kaloko ka pulasitiki, kakankheni kaye, musakoke mwamphamvu mungazule slot yomwe. Timano tagolide tija tipukuteni ndi labala ya pensulo mpaka tiwale, uzirani, bwezerani mpaka imveke kuti tha. Muli momwemo yang'anani ma capacitor, timigolo tating'ono toimirira pa khadi ndi pa motherboard. Pamwamba pake pamayenera kukhala pafulati, tikatupa kapena kutuluka zinthu zabulauni ndiye tafa, ndipo ma OptiPlex GX270 ndi GX280 anatchuka ndi matenda amenewa. Mmisiri wa ma TV amene ali ndi soldering iron amasintha bwinobwino.

Mayeso othetsa mkangano ndi awa: chotsani khadi, lowetsani monita pa doko la motherboard, yatsani. Makina ambiri a muofesi ali ndi graphics yamkati, pa ma Core i3 ndi i5 imakhala mu processor momwemo. Chithunzi chikayera, wolakwa ndi khadi, kapena power supply (kabokosi kogawa magetsi mkatimo) yomwe ikulephera kuidyetsa. Mizere ikapitirira olo khadi mulibe, kayikirani RAM, chifukwa graphics yamkati ilibe memory yakeyake, imabwereka pa RAM yomweyo. Siyani ndodo imodzi ya RAM, yesani, sinthani ina, kapena yendetsani pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 pa flash usiku wonse. Ndipo ngati makina amangozima okha kapena kuyambiranso gemu ikafika polemera, popanda mizere iliyonse, ameneyo kawirikawiri ndi power supply, magetsi ozimazima ndi kubwera mwamphamvuwa amaifooketsa pang'onopang'ono. Chabwino koposa ndi kukayesa khadiyo pa makina a mnzanu, ikachita zomwezo kumeneko nkhani yatha.

Pali amisiri ena amati "tiiwotcha ndi heat gun idzuka." Imadzukadi, kwa masiku kapena masabata, kenako imafanso. Izi muzikumbukire pogula, chifukwa khadi ina yomwe ikugulitsidwa pa Facebook ndi m'magulupu a WhatsApp inawotchedwa dzulo lomweli. Za laputopu n'zina, chip yake inamatidwa pa motherboard, palibe chozula n'kusintha.

Tinene kuti khadi yafadi. Funso loyamba, mukuifunadi ina? Ngati ntchito ndi Word, Excel, YouTube ndi kusindikiza ma CV, graphics yamkati ya Core i5 ikukwanirani, ndalamayo bola mugulire SSD. Koma ngati ndi FIFA, kudula mavidiyo aukwati, Photoshop kapena mukufuna mamonita awiri, tiyeni.

Yang'anani slot. Makina opangidwa kuyambira cha m'ma 2005 ali ndi PCI Express x16, yayitali ya kaloko kumapeto, ndipo ubwino wake khadi ya PCIe 3.0 imagwira pa slot ya 2.0 popanda vuto. Ma Pentium 4 ena akale ali ndi AGP, yomwe kawirikawiri ndi yabulauni, ndipo yoyera ija ndi PCI wamba. Khadi ya PCIe silowa pa AGP. Makhadi a AGP ngati GeForce 6200 kapena Radeon HD 4650 analipo koma kuwapeza lero ndi ntchito, pokhapokha ngati makinawo akuyendetsa chipangizo china chomwe chimafuna Windows XP, ine ndingati gulani bokosi lina la kaunjika basi.

Kenako kukula. Ma desktop opyapyala aja, a SFF, amafuna khadi ya low profile, ya kachitsulo kakafupi kumbuyo. Funsani wogulitsa ngati kachitsulo kakafupiko kalipo chifukwa makhadi ambiri amabwera ndi tiwiri ndipo kamodzi kamatayika. Pa ma Dell ena slot ili moyandikana ndi power supply moti khadi yonenepa, yodya malo awiri, sikwana, nde yezani ndi rula musanapite ku tauni, kapena jambulani mkatimo pa foni.

Apa ndi pomwe ambiri amagwa: magetsi. Slot ya PCIe payokha imapereka ma watt osapitirira 75, khadi yofuna ochuluka imakhala ndi kadoko ka mapini 6 kapena 8 kofuna chingwe chochokera ku power supply. Makina a muofesi alibe chingwe chimenecho, ndipo power supply yake ndi yaing'ono, OptiPlex 7010 SFF ndi HP 8200 SFF ndi 240W basi. Munthu amamva kuti RX 580 ya 8GB ikutchipa, osadziwa kuti imadya 185W yokha, kubwera nayo kunyumba palibe polumikiza. Ma adaputa ochokera pa SATA kupita pa mapini 6 pa khadi ngati imeneyo amasungunuka, musayese. Kusintha power supply nakonso pa ma Dell ndi HP ambiri sikophweka poti mapulagi ake ndi awoawo.

Nde makhadi oyenera ndi omwe amadya pa slot pokha. Ongotulutsa chithunzi ndi monga Radeon HD 5450, HD 6450 ndi GeForce GT 710, gemu musayembekezere. GT 1030 ya 2017 imadya 30W ndipo ndi yabwino pa ma SFF, koma samalani, ilipo ya memory ya GDDR5 ndi ya DDR4, dzina limodzi, ya DDR4 ndi yofooka kwambiri. GT 730 ndiye chisokonezo chenicheni, ilipo mitundu itatu, ndipo ija yolembedwa 4GB ndi 128-bit pa katoni ndi chip yakale ya ma shader (timagawo togwira ntchito mu chip) 96, imagonja kwa ya 2GB GDDR5 ya ma shader 384. Ma GB ochuluka pa khadi yofooka ali ngati ngolo yaikulu yokokedwa ndi bulu mmodzi. Kwa ine zokoma pa makina akale ndi GTX 750 Ti ya 2014, yomwe imadya 60W, RX 550, ndi GTX 1050 Ti kapena GTX 1650 ngati power supply ikulola. Musaiwalenso ma Quadro ochotsedwa m'makina a maofesi ngati K620, ndi low profile, imadya 45W ndipo anthu amaiderera chifukwa dzina lake si la magemu.

Makina a chisanafike chaka cha 2012 ambiri ali ndi BIOS yakale, osati yatsopano yotchedwa UEFI, ndipo makhadi ena atsopano ngati RX 6400 amatha kungokupatsani mdima pa makina otere. Pa Core 2 Duo musapitirire GTX 750 Ti, processor yomweyo singaikwanitse khadi yoposa apo. Onaninso driver. GT 1030 ilibe wa Windows XP, pomwe GeForce 210 ndi GT 610 Nvidia inasiya kalekale kuzipangira atsopano, zimagwirabe pa Windows 10 koma mapulogalamu atsopano odulira mavidiyo amazikana.

Madoko nawo. Monita yanu ngati ndi ya VGA yokha, dziwani kuti kuyambira pa ma GTX 10 Nvidia inachotsa chizindikiro cha analog, kadaputa wamba ka DVI kupita ku VGA sikagwira, mufunika ka HDMI to VGA kokhala ndi chip mkati. Makhadi ena ochokera m'ma Dell ndi HP ali ndi doko looneka ngati DVI koma la timabowo tambirimbiri, limenelo ndi DMS-59, popanda chingwe chake cha mphanda khadiyo ndi yopanda ntchito.

Ndipo makhadi abodza adzaza. Wotchuka ndi "GTX 1050 Ti 4GB" wotchipa modabwitsa, mkati mwake muli GTS 450 ya 2010 yomwe anaisintha BIOS kuti izinama dzina. Mukaona doko la VGA pa 1050 Ti kayikirani pomwepo. Tengani GPU-Z pa flash popita kogula, yeniyeni imaonetsa ma shader 768, yabodza 192, ndipo nthawi zambiri pulogalamuyo imalemba yokha kuti FAKE pa dzina. Kaya mukugula ku Limbe, ku Old Town ku Lilongwe kapena kwa munthu wa pa Facebook, nyamulani bokosi lanu akaiike pa makina anu omwewo, driver alowe, muyendetse gemu kapena pulogalamu yolemetsa khadi ya FurMark mphindi 15 mukuyang'ana kutentha ndi mizere. Nunkhizani, yang'anani kumbuyo ngati bolodi yasintha mtundu mozungulira chip, chizindikiro cha heat gun chimenecho. Wokana kuyesa musiyeni. Mukatuma m'bale wa ku Joni, mutumizireni dzina lonse la khadi, mawu oti low profile ndi GDDR5, komanso chithunzi cha madoko a monita yanu, chifukwa kubweza katundu wodutsa pa Mwanza n'kosatheka.

Poika, chotsani kaye driver wakale ndi DDU makamaka ngati mukuchoka pa AMD kupita pa Nvidia, sinthani kachitsulo, lowetsani khadi mpaka kaloko katseke, chingwe cha monita chipite pa khadi yatsopanoyo. Ikapanda kuonetsa kanthu, bwererani pa doko la motherboard khadi mutaichotsa, lowani mu BIOS, pa Primary Display kapena Video musankhe Auto kapena PCIe, ndipo ngati pa webusayiti ya Dell kapena HP pali BIOS yatsopano ya makina anu iikeni, koma pokhapokha muli pa UPS kapena inverter, magetsi akazima ili pakati motherboard imatha kufera pomwepo.