Piggyback kapena kufulasha ECU, musanadule waya ndi umodzi womwe

Ndiye mwamanga turbo yokulirapo, mwasintha ekizozi, mwina ndi ma injekita omwe, galimoto ikulira mokoma ikayima koma mukaponda ikutsamwa, ikuzengereza, nyale ya check engine nayo yayaka. Funso limabwera lomwe lija, tiyike piggyback kapena tingofulasha kompyuta ya injini? Ine ndinena poyera, ngati ECU yanu, kompyuta ya injiniyo, imatheka kufulasha ndipo alipo munthu wodziwa kutchuna injini ya mtundu wanuwo, fulashani basi. Piggyback ili ndi malo ake inde koma ndi ochepa kusiyana ndi mmene ogulitsa amakambira, ndipo zimandipweteka kuona injini yabwinobwino itaboola pisitoni chifukwa mwini wake sanauzidwe chomwe kabokosi kaja kamachita.

Piggyback ndi kabokosi kokhala pakati pa ma sensa ndi ECU, ndipo ntchito yake ndi kunamiza. Sensa ya mpweya, kaya MAF yoyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa kaya MAP yoyeza kupanikizika kwake, pa magalimoto ambiri imatumiza ma volti a pakati pa 0 ndi 5, kabokosika kamagwira uthengawo panjira, nkuusintha, nkuupereka kwa ECU ngati weniweni. ECU imakhulupirira, imathira petulo molingana ndi bodzalo. Apexi SAFC imathera pomwepo. Zina ngati GReddy e-Manage, AEM F/IC ndi Unichip zimapitirira, zimatha kugwiranso ma injekita kapena kusuntha taimingi ya moto, kutanthauza nthawi yomwe mapulagi amayatsa, pomwe JB4 ya pa BMW za turbo imalumikizidwa mpaka pa CAN, mawaya omwe makompyuta a galimoto amalankhulirana, nkumamva zomwe galimoto ikukambirana mkati. Kufulasha ndi nkhani ina. Apa mukulowa mu ECU momwemo, nthawi zambiri kudzera pa soketi ya OBD2 yomwe amalumikizapo makina oyezera galimoto, nkulembamo ma tebulo atsopano a mafuta, a taimingi, a boost (mpweya womwe turbo imakankhira mu injini), kukula kwa ma injekita, malire a ma revi ndi malire a torque (mphamvu yokoka ya injini). Ma sensa amanenabe zoona, chasintha ndi chomwe ECU ikuchita nazo zoonazo.

Choyamba kuchita si kugula kalikonse ayi. Pezani ECU yanu muwerenge sitika yake, ndi Bosch, Denso, Hitachi, Keihin kapena Siemens, lembani nambala yake ndi chaka cha galimoto, kenako fufuzani ngati pali pulogalamu yoitsegula. Subaru za turbo ndi Mitsubishi Evo zambiri zimafulashika ndi EcuFlash kapena RomRaider pogwiritsa chingwe cha Tactrix, palinso Cobb Accessport ndi EcuTek, Honda zambiri zili ndi Hondata FlashPro, za GM ndi Ford kuli HP Tuners, BMW kuli MHD ndi bootmod3. Magalimoto akale a OBD2 isanabwere, paja ku America inakhala lamulo mu 1996, ambiri safulashika pa soketi, amafuna kutsegula ECU nkusintha chip ngati zimakhalira pa Honda za 1992 mpaka 1995, ndipo Toyota zambiri za zaka za m'ma 1990 ngakhale zimenezo sizilola. Atsopano kwambiri nawo ena amabwera atakhomedwa ndi fakitale. Mbali ziwiri zimenezi ndi kumene piggyback imapezera ntchito yake yeniyeni.

Chachiwiri, injini ikhale yathanzi kaye. Yezani kompuresheni, onani ngati mapaipi a boost sakutaya mpweya, mapulagi akhale atsopano a gap yoyenera, pampu ya mafuta isakhale yotopa. Kutchuna injini yodwala ndi kungofulumizitsa maliro ake. Ndipo chonde, mangani wideband, sensa ya mu ekizozi yoonetsa AFR yeniyeni, kutanthauza kuchuluka kwa mpweya poyerekeza ndi petulo. Sensa ya oxygen yobwera ndi magalimoto ambiri akale ndi narrowband, imangosewera pakati pa 0.1 ndi 0.9 volti nkumauza ECU kuti tili pamwamba kapena pansi pa 14.7:1, magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, kupitirira apo ilibe chonena. Koma injini ya turbo ikakhala pa boost mumafuna AFR ya cha m'ma 11.5 mpaka 12, yopanda turbo cha m'ma 12.5 mpaka 13, ndiye popanda wideband mukungoyenda mumdima, kaya mwasankha njira iti.

Tsopano pamene anthu ambiri amagwera ndi apa, ndipo ndikhalapo pang'ono. Tinene kuti ma injekita anu anali a 440cc mwaika a 550cc. ECU siikudziwa, ikuwatsegula nthawi yomwe ija ndiye petulo akusefukira. Ndi piggyback ya mtundu wa SAFC mumachotsa pafupifupi 20% pa uthenga wa mpweya, chifukwa 440 kugawa ndi 550 ndi 0.8, ECU imaganiza kuti mpweya walowa wochepa nkufupikitsa nthawi ya ma injekita, wideband ikuonetsa nambala yokongola, inu mtima pansi. Koma ECU siigwiritsa uthenga wa mpweya pa mafuta pokha ayi. Uthenga womwewo ndi umene imawerengera nawo katundu amene injini yasenza, ndipo katunduyo ndi amene amasankha bokosi la pa tebulo la taimingi. Katundu akaoneka wochepa ECU imayatsa moto msanga, chifukwa pa katundu wochepa zimenezo ndi zabwino. Ndiye tangoganizani, injini ili pa boost yochuluka kuposa ya fakitale koma ikulandira taimingi ya injini yomwe sikuvutika, moto ukuyaka msanga mu silinda yodzadza mpweya wotentha, zotsatira zake ndi detonation, kugogoda kwa mkati kuja kumene nthawi zina simukumva nkomwe chifukwa cha phokoso la ekizozi, mpaka ma ring land, timilomo ta pisitoni togwira ma ring, athyoka kapena gasketi ya hedi yapsa. Mafuta anali bwino ndithu. Chinapha injini ndi taimingi yomwe munasuntha osadziwa. Pofulasha vuto limeneli kulibe, mumangolemba mu ECU kuti ma injekita ndi 550cc ndi latency yake, kanthawi komwe amachedwa kutseguka, sensa ya mpweya nkuisiya inene zoona.

Palinso china, ECU imaphunzira. Mukamayenda pang'onopang'ono imakhala mu closed loop, ikumvera sensa ya oxygen nkumakonza mafuta kudzera mu short term ndi long term fuel trim kuti ibwerere pa 14.7. Mukasintha mafuta ndi piggyback m'dera limeneli ECU imangobweza zomwe mwachita, ndipo pa magalimoto ena zomwe yaphunzirazo imazitengera mpaka pamene mwaponda mpaka pansi, ndiye tchuni yomwe inali bwino Lolemba pofika Loweruka AFR yasuntha. Mukamamva wina akuti galimoto inkathamanga sabata yoyamba kenako inabwerera mwakale, kawirikawiri nkhani yake ndi imeneyi.

Ngati mwaona kuti ECU yanu ndi yokhoma ndipo piggyback ndiyo njira, chitani mwadongosolo. Sankhani yomwe imagwira taimingi, osati ya mafuta okha, pokhapokha ngati mukungokonza pang'ono injini yopanda turbo. Ikapezeka harness (mtolo wa mawaya) yongolumikiza gwiritsani imeneyo, kudula mawaya a fakitale kukhale komaliza, ndipo mukadula wotcherani ndi soda nkuvala heat shrink, zopotokola ndi tepi zija zimayamba kusokoneza uthenga pakapita miyezi. Waya wa ethi ugwire pomwe pagwira ethi ya ECU, kusiyana kwa ma volti kochepa kwambiri kumasuntha kale mafuta. Mukamaliza lizani galimoto mapu onse, ma tebulo a mu kabokosika, ali pa ziro muyende nayo, ikhale ndendende mmene inalili, ikasintha khalidwe ndiye kuti waya wina walakwika, musapitirire. Dera la closed loop lisiyeni kapena muligwire mongofuna kuti ma trim akhale pafupi ndi ziro. Pa boost yambani ndi mafuta ochulukirapo ndi taimingi yobwezedwa madigiri angapo, kenako muziyandikira pang'onopang'ono, chinthu chimodzi pa ulendo umodzi. Zotsekera uthenga wa MAP kuti ECU isadule mafuta boost ikakwera samalani nazo kwambiri, chifukwa kuyambira pomwe mwatsekerapo ECU yachita khungu, mpweya wonse wopitirira apo mafuta ake mukuyenera kuthira ndinu.

Kufulasha nako kuli ndi zoopsa zake, ndisakunamizeni. Musanalembe kalikonse werengani fayilo ya fakitale muisunge malo awiri kapena atatu. Batire ikhale pa tchaja, laputopu nayo ikhale ndi moto wokwanira isagone panjira, zimitsani magetsi, wailesi ndi fani, ndipo ikayamba kulemba musagwire kiyi kapena chingwe mpaka itanena yokha kuti yamaliza. Moto ukatsika pakati pa ntchito ECU imatha kufa, galimoto osalira, mpaka kuichotsa kukaidzutsa pa benchi. Fayilo iyeneranso kugwirizana ndi nambala ya ECU yanu, osati kungofanana dzina la galimoto. Mafayilo aulere a pa intaneti osadziwika kochokera ine sindingaike mu injini yanga ngakhale pang'ono.

Mapu ogula okonzeka kale, aja amati stage 1 ndi stage 2, amalembedwa poganizira zida zakutizakuti ndi petulo wa octane yakutiyakuti, nambala ya RON yoonetsa mmene petulo amapiririra detonation. Mapu a RON 98 musawayendetse ndi RON 95, ndipo dziwani kuti manambala a ku America amawerengedwa mosiyana, 93 yawo ili pafupi ndi RON 98. Zida zanu zikasiyana ndi zomwe mapuwo akufuna, pitani kwa wotchuna alembe anuanu pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto ili pamalo amodzi. Mukafulasha musangosangalala ndi kukankha kwa mpando, jambulani ma log, manambala a zomwe injini ikuchita ikamayenda. Giya yachitatu kapena yachinayi, pa dyno kapena pa bwalo lothamangitsira magalimoto, kuchokera ma revi otsika mpaka pamwamba, kenako muone AFR, boost yomwe ECU imafuna ndi yomwe yapezeka, kutentha kwa mpweya wolowa, knock correction (taimingi yomwe ECU ikubweza ikamva kugogoda), ndi duty cycle ya ma injekita (gawo la nthawi lomwe amakhala otsegula) yomwe ikamadutsa 85% ndiye kuti ma injekita akuchepa. ECU ikamabweza taimingi mobwerezabwereza pamalo amodzi, chotsani phazi, injini ikukuuzani kuti ikupweteka.

Kwa a magalimoto atsopano a giyabokosi ya otomatiki kapena DSG ya ma kilatchi awiri pali kanthu kena kobisika. ECU imawerengera torque nkuuza kompyuta ya giyabokosi, iyo nkufinya ma kilatchi molingana ndi nambala imeneyo. Piggyback ikanamiza ECU kuti boost ndi yochepa, giyabokosi nayo imalandira nambala yochepa, imafinya mofewa pomwe injini ikukoka mwamphamvu, ma kilatchi nkumaterereka. Nchifukwa chake ena amaphatikiza, kufulasha kuti maziko akhale oona kenako kabokosi pamwamba kongosinthira boost.

Za waranti, ambiri amathamangira piggyback poti imachotseka. Kuchotseka imachotsekadi, koma musadalire kuti siyisiya mapazi, ECU zatsopano zimasunga zambiri za mmene injini yayendera, ndipo yofulashidwa ngakhale mutaibwezera fayilo ya fakitale makina a kwa dila amatha kuona kuti inalembedwapo. Malamulo a utsi nawo amasiyana dziko ndi dziko, m'maiko ambiri kuchotsa catalytic converter, choyeretsa utsi cha mu ekizozi, kapena kuzimitsa ma sensa ake pa galimoto ya pamsewu ndi mlandu, ndiye funsani za kwanuko musanauze wotchuna kuti azizimitse, komanso a inshuwalansi auzeni kuti injini mwaisintha.