Mmene wothamanga angasamalire mawondo ake

Ululu umene othamanga ambiri amadandaula nawo umamveka kutsogolo kwa bondo, mozungulira kafupa kophimba bondolo, ndipo umakula munthu akamatsika mtsetse kapena masitepe, akanyonyomala, ngakhalenso akakhala nthawi yaitali atapinda miyendo. Ena amaumva kumbali yakunja kwa bondo, pamene pamadutsa mnyewa wautali wochokera m'chiuno. Kawirikawiri gwero lake limakhala kuwonjezera mtunda kapena liwiro mopupuluma, pakuti mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga pamene minyewa ndi mafupa zimafuna miyezi kuti zikhwime.

Choncho muziwonjezera mtunda pang'onopang'ono. Ophunzitsa ambiri amalangiza kuti kuwonjezerako kusapitirire 10 peresenti pa sabata, ndipo ngakhale chiwerengerochi si lamulo lokhazikika, chimathandiza kuletsa phuma. Musawonjezere mtunda, liwiro ndi zitunda m'sabata imodzi, sankhanipo chimodzi.

Chimene ambiri amanyalanyaza, koma chili chofunika koposa, ndi kulimbitsa minofu ya m'matako ndi ya m'ntchafu. Minofu imeneyi ikafooka, bondo limapendekera mkati nthawi iliyonse phazi likaponda pansi, ndipo kafupa kaja kamapanikizika. Kawiri kapena katatu pa sabata, nyonyomalani ndi kudzuka mosathamanga, kwerani ndi kutsika sitepe ndi mwendo umodzi, kenaka gonani chagada mawondo atapindidwa n'kumanyamula chiuno m'mwamba. Poyamba chitirani pagalasi, kuti muziona ngati bondo likulunjika kumene zala zaphazi zaloza. Pothamanga, fupikitsani mapazi kuti muziponda pafupipafupi, chifukwa kutambasula mwendo kutali kutsogolo kumawonjezera katundu pabondo. Nsapato nazo zimatha. Zambiri zimafuna kusinthidwa zikayenda makilomita pakati pa 500 ndi 800.

Ululu ukayamba, chepetsani mtunda, pewani mitsetse, ndipo masiku ena muzisambira kapena kupalasa njinga ngati zimenezi sizikupweteka. Kungokhala osachita kalikonse kwa milungu yambiri kumaziziritsa ululu kwakanthawi, koma kumafooketsa minofu, kotero kuti vutolo limabwerera mukangoyambiranso. Mutha kuika madzi oundana okulunga m'kansalu kwa mphindi 15 mpaka 20. Mankhwala onga ibuprofen amachepetsa ululu, koma si abwino kwa odwala zilonda za m'mimba kapena impso, ndipo kuwamwa n'cholinga chakuti mukathamange ndi bondo lopweteka n'kudzinamiza. Muyezo wabwino ndi m'mawa wotsatira: ngati mwadzuka ululu utakula kuposa dzulo, ndiye kuti munapitirira malire.

Pitani kuchipatala msanga ngati bondo latupa kwambiri, likugwira osatambasuka, likugwedera ngati lifuna kukugwetsani, kapena simukutha kuponda pansi. Bondo lotupa ndi lotentha, thupi lonse likutenthanso, lifunika dokotala tsiku lomwelo. Ululu wosasintha pakatha milungu ingapo mukuchita zonsezi, kaonetseni kwa a mafizo kuti akaunike mayendedwe anu.